Chimfine cha ana a mahatchi ndi kansalu kanga kopukutira mamina

M'mawa wina wa mwezi wa Malichi, patangopita sabata imodzi tisiyanitse ana a mahatchi ndi amayi awo, ndinapeza kamsoti kena kofiirira kataima pakona ya khola, chakudya chake chili chitsalire pafupifupi theka. Ndimati kamsoti chifukwa ife Amalawi amene timagwira ntchito pa famu imeneyo, kufupi ndi tauni ya Mooi River m'chigawo cha KwaZulu-Natal, tinangobwereka mawu amene kwathu timatchulira mbuzi, kotero kuti mwana wamkazi wa hatchi ndi kamsoti, wamwamuna ndi kamphongo, ndipo hatchi yobereka kale ndi mkota. Kamsotiko sikankaoneka kodwala kwenikweni, kungoti makutu anali atagwa pang'ono ndipo m'mphuno munkatsika timamina tamadzimadzi. Ndinatulutsa kansalu kamene ndinkayenda nako m'thumba la ovololo, n'kukapukuta mphuno, kenako ndinapitirira ku makola ena asanu ndi awiri, ndipo paliponse pamene ndaona mphuno yonyowa kapena maso amanthongo ndinkapukuta ndi kansalu komweko. Ndinkadziona ngati wantchito waukhondo.

Kwathu chimfine si matenda oti munthu n'kulephera nawo kupita kumunda, ndipo maganizo amenewa ndi amene ndinapita nawo ku ntchito ya mahatchi. Mkulu wina wochokera ku Nkhotakota, amene anakhala zaka zambiri pa famupo ine ndisanafike, ndi amene anandifunsa ngati ndinali nditakayeza kamsotiko kutentha kwa thupi. Nditayankha kuti ndinangokakhudza pakhosi ndipo sikankatentha kwambiri, iye anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Achimwene, dzanja lanu si themometa, pitani mukatenge ku ofesi." Themometa inaonetsa madigiri 39.8. Hatchi yaikulu yathanzi imakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, ndipo mwana wamng'ono amatha kufika cha pa 38.9 popanda vuto, koma kupitirira pamenepo ndiye kuti m'thupi muli nkhondo. Pofika tsiku lachinayi, ana ambiri a m'khola lomwelo anali atatentha thupi, ena akutsokomola, ena atatupa anabele pansi pa nsagwada.

Dokotala wa ziweto atabwera, ndinkayembekezera kuti abaya jekeseni mwana aliyense, chifukwa umu ndi mmene ambirife timadziwira kuti dokotala wagwira ntchito. Iye sanatero. Analowetsa kathonje ka pa kamtengo kakatali m'mphuno za ana angapo, n'kutumiza ku labotale, anapereka mankhwala otsitsa kutentha kwa thupi kwa awiri amene anali atasiyiratu kudya, ndipo ena onse anangoti apume, apatsidwe udzu wonyowetsa kuti usakhale ndi fumbi, ndipo ayezedwe m'mawa ndi madzulo. Zotsatira zinasonyeza vairasi yotchedwa equine herpesvirus ya mtundu wachinayi, imene mwachidule amati EHV-4. Pa nthawi imeneyo ndinakhumudwa ndi dokotalayo, koma lero ndimaona kuti ankadziwa bwino ntchito yake, popeza mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, alibe mphamvu iliyonse pa vairasi, ndipo kuwapereka pachabe kumangotsegula m'mimba mwana wa hatchi ndi kuzoloweretsa mabakiteriya kuti mawa asadzamve mankhwala.

Funso limene linandivuta kwa nthawi yaitali linali lakuti n'chifukwa chiyani matenda amenewa amakonda ana a msinkhu umenewu, pamene mikota imene ili kuseri kwa mpanda ikungodya udzu mosatekeseka. Yankho lake limayambira pa tsiku lobadwa. Mwana wa munthu amalandira chitetezo china kuchokera kwa mayi ake akadali m'mimba, koma nsengwa ya hatchi ndi yokhuthala moti zoteteza thupi za m'magazi a mayi sizidutsa n'kufika kwa mwana, choncho amabadwa alibe chida chilichonse cholimbanirana ndi tizilombo. Chitetezo chake chonse choyamba chimachokera mu mkaka woyamba, wachikasu ndi wonanda uja, ndipo matumbo ake amatha kulowetsa chitetezocho m'magazi kwa nthawi yochepa chabe: bwino kwambiri m'maola 6 mpaka 12 oyambirira, ndipo pakatha maola 24 khomo latsekeka. N'chifukwa chake pa mafamu obereketsa mahatchi timachezera usiku kudikira kuti mwana aimirire ndi kuyamwa, ndipo tsiku lotsatira amamutenga magazi kuti aone ngati walandira chokwanira. Muyeso ukapitirira mamiligalamu 800 pa desilita imodzi ya magazi mitima imakhala pansi, koma ukatsika kuposa 400 mwanayo amafunika kumupatsa madzi a m'magazi a hatchi ina kudzera mumtsempha.

Koma chitetezo chobwereka sichikhalitsa. Chimachepa pang'onopang'ono m'miyezi yoyambirira, ndipo pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi chimakhala chatsala pang'ono kutheratu, pamene thupi la mwanayo silinakumanepo ndi tizilombo tambiri kuti lipange chitetezo chakechake. Tsoka lake n'lakuti imeneyi ndi nthawi yomweyo imene anthufe timasankha kumuchotsa kwa mayi ake. Kuno kummwera kwa dziko lapansi mahatchi a mipikisano amabadwa kuyambira Ogasiti mpaka cha mu Novembala, ndipo onse amawerengedwa kuti tsiku lawo lobadwa ndi 1 Ogasiti, kotero kuti kuletsa kuyamwa kumagwa pakati pa Januwale ndi Epulo. Mwana amene dzulo anali pambali pa mayi ake, lero ali m'gulu la anzake achilendo, akulira usiku wonse, sakudya bwino, ndipo akununkhizana mphuno ndi aliyense. Nkhawa yotere imafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo vairasi imapeza njira yoyera.

Zimene zinandidabwitsa kwambiri pa EHV-4 n'zakuti panalibe hatchi yachilendo imene inali italowa pa famu yathu masabata amenewo. Ndinafunsa dokotala kuti, "Nanga matendawa abwera ndi ndani, adokotala?" Iye anayankha kuti sanabwere ndi aliyense, anali pomwepo kale. Mavairasi a banja la herpes akalowa m'thupi satulukamonso, koma amakabisala m'mitsempha ya kumutu ndi m'timabele ta m'njira ya mpweya, n'kukhala chete kwa miyezi kapena zaka. Hatchiyo ikakumana ndi zovuta, monga ulendo wautali, kubereka, kusamutsidwa kapena kuletsedwa kuyamwa, vairasi imadzuka n'kuyamba kutuluka m'mamina, nthawi zina hatchiyo osaonetsa chizindikiro chilichonse. Amene anaonapo zilonda za pamilomo zimene zimabwerera munthu akadwala malungo akudziwa khalidwe limeneli, chifukwa nazonso zimayamba ndi vairasi ya banja lomweli. Ana ambiri a mahatchi amatenga vairasiyi kwa amayi awo m'masabata kapena miyezi yoyambirira, ndipo mahatchi ochuluka a padziko lapansi amayenda nayo moyo wawo wonse.

EHV-4 nthawi zambiri imathera pa chimfine, koma ili ndi mbale wake woopsa, EHV-1, amene poyamba amaoneka chimodzimodzi moti maso okha sangasiyanitse. EHV-1 siimira m'mphuno, imalowa m'maselo oyera a magazi n'kuzungulira thupi, ndipo ikafika m'chiberekero cha mkota wa bere imawononga timitsempha ta magazi, mkotawo n'kupoloza mwadzidzidzi, kawirikawiri pakati pa mwezi wachisanu ndi chiwiri ndi mwezi womaliza wa bere la miyezi 11. Mwana amene watenga vairasiyi atatsala pang'ono kubadwa amabadwa wofooka, mapapo atawonongeka, ndipo kawirikawiri amafa m'masiku ochepa. Ikafika ku msana, hatchi imayamba kudzandira miyendo yakumbuyo, kulephera kukodza, mpaka kugwa osadzukanso. Izi ndi zimene zinachitika mu Febuluwale 2021 pa mpikisano wa mahatchi odumpha ku Valencia m'dziko la Spain, pamene panabuka mliri umene unapha mahatchi 18 kumeneko ndi m'mayiko ena, ndipo bungwe la FEI, loyang'anira masewera a mahatchi padziko lonse, linaimitsa mipikisano yake m'mayiko angapo a ku Ulaya mpaka mu Epulo. Nditamvetsa zimenezi ndinachita mantha ndi kansalu kanga, chifukwa tsiku limene ndinapukuta kamsoti kaja, madzulo ake ndinakathandizanso kudyetsa mikota ya bere ndili ndi ovololo yomweyo. Zikanakhala kuti inali EHV-1, ine ndemwe ndikanaipititsa kumene ikanapha ana osabadwa. Vairasi imeneyi imatha kukhala masiku angapo pa ndowa, pa zingwe, pa zovala ndi pa zomwera madzi, ngakhale kuti sopo ndi mankhwala wamba ophera tizilombo amaiwononga mosavuta.

Vairasi ina imene aliyense wa ntchito ya mahatchi amaiopa ndi ya fuluwenza, equine influenza, ndipo khalidwe lake n'losiyana kwambiri ndi la herpes. Iyi siibisala m'thupi, hatchi ikachira vairasi yatha, kotero kuti ikapezeka pa famu ndiye kuti yabwera ndi hatchi ina kapena ndi munthu pa zovala ndi zipangizo. Koma liwiro lake n'lodabwitsa. Kuchokera pamene hatchi yatenga vairasi mpaka pamene yayamba kudwala pamangopita tsiku limodzi mpaka atatu, pamene herpes imatha kutenga masiku awiri mpaka khumi. Thupi limatentha mpaka madigiri 41, ndipo chizindikiro chake chodziwika ndi chifuwa chouma, chaphokoso, chobwerezabwereza, chimene chimaponya vairasi mamita ambiri moti khola lonse limagwidwa m'masiku ochepa. Mtundu umene ukuzungulira masiku ano ndi H3N8, umene unapezeka koyamba ku Miami m'dziko la America mu 1963. Unalipo wina, H7N7, umene unapezeka ku Prague mu 1956, koma sunaonekenso kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Cha mu 2004 zinadziwika kuti H3N8 yomweyi inali itadumphira kwa agalu a mipikisano ku Florida n'kukhala fuluwenza ya agalu.

Mbiri ya matendawa imasonyeza zimene zimachitika akagwa pa mahatchi opanda chitetezo. Mu 1872 mliri unayambira kufupi ndi Toronto ku Canada n'kufalikira m'mizinda ya ku America pa nthawi imene katundu ndi anthu ankayenda pa ngolo za mahatchi, ndipo misewu inaima. Moto waukulu utabuka ku Boston mu Novembala chaka chomwecho, anthu ndi amene ankakoka zipangizo zozimitsira moto chifukwa mahatchi anali chigonere. Dziko la Australia linalibe fuluwenza ya mahatchi mpaka mu Ogasiti 2007, pamene inalowa ndi mahatchi amphongo ochokera ku Japan, ndipo ngakhale kuti boma linaletsa kuyendetsa mahatchi m'dziko lonse, mahatchi pafupifupi 76,000 pa malo oposa 10,000 ku New South Wales ndi Queensland anadwala, dzikolo lisanathetse matendawa mu 2008. Kuno ku South Africa inalowa mu 1986 ndiponso mu Disembala 2003, maulendo onse awiri kudzera mwa mahatchi obwera kuchokera kunja, ndipo anzathu akale pa ntchito amakumbukirabe mmene mipikisano inaimira. Ku Britain, mu Febuluwale 2019, mipikisano yonse inaimitsidwa kwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo mahatchi oyamba kupezeka nayo anali olandira kale katemera. Abulu nawo sapulumuka, ndipotu amadwala kwambiri kuposa mahatchi, monga zinaonekera mu 2018 ndi 2019 pamene fuluwenza inapha abulu ochuluka ku Niger, Nigeria ndi mayiko ena a kumadzulo kwa Africa. Ndikaganiza za abulu okoka ngolo a ku Dedza ndi Lilongwe, amene mabanja amadalira ponyamula chimanga, njerwa ndi madzi, ndimaona kuti nkhaniyi si ya olemera okha.

Chimene ndikufuna kuchedwapo ndi zimene vairasi imachita m'kati mwa njira ya mpweya, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri timalakwitsa. Hatchi imapuma ndi mphuno zokha, singapume pakamwa ngati mmene ife timachitira mphuno zikatsekeka. M'kati mwa njira yonse yochokera kumphuno mpaka kumapapo muli timaubweya tosaoneka ndi maso, timene timagwedezeka usana ndi usiku kukankhira kunja mamina, fumbi ndi tizilombo, ngati anthu osesa pabwalo. Vairasi, makamaka ya fuluwenza, imapha maselo okhala ndi timaubweya timeneti, njirayo n'kukhala yosupuka. Kutentha kwa thupi kumatha m'masiku atatu kapena asanu, hatchi n'kuyamba kudya ndi kuthamanga, koma maselo aja amatenga pafupifupi masabata atatu kuti amerenso. M'masabata amenewa hatchi imaoneka yochira pamene osesa aja kulibe, ndipo fumbi lililonse ndi bakiteriya aliyense amene walowa amatsetsereka mpaka kumapapo. Pali bakiteriya wotchedwa Streptococcus zooepidemicus amene amakhala pakhosi pa mahatchi ambiri athanzi osavutitsa, koma akapeza njira yosupuka amatsika n'kuyambitsa chibayo. Chizindikiro chake ndi mamina amene asintha kuchoka pa amadzimadzi n'kukhala okhuthala achikasu, ndi kutentha kwa thupi kumene kwabwereranso kutatha kale. Apa ndiye pamene penisilini ndi anzake ali ndi ntchito, ndipo dokotala wathu uja sanazengereze kuwapereka kwa ana atatu amene anafika pamenepa.

Lamulo lakale la anthu a mahatchi limati hatchi ipume sabata imodzi pa tsiku lililonse limene inatentha thupi, ndipo isapume masabata ochepera atatu. Lamuloli n'losavuta kulinena koma n'lovuta kulisunga pamene ndalama zikudikira. Chaka china, pa famu ina imene ndinagwirako ntchito kwa kanthawi, panali kamphongo ka chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, kooneka bwino kwambiri, kamene kankayembekezeka kugulidwa mtengo wapamwamba pa msika wa mahatchi aang'ono. Kanatentha thupi masiku atatu, ndipo patapita masiku asanu ndi limodzi kakudya bwino, eni ake analamula kuti kakwezedwe mu lole chifukwa tsiku la msika silikanasintha. Ulendo unali wa maola ambiri, mutu utamangidwa m'mwamba. Hatchi imatulutsa zoipa za m'njira ya mpweya poweramitsa mutu, monga imachitira tsiku lonse podya msipu, ndipo ikamangidwa mutu m'mwamba kwa maola ochuluka mabakiteriya amachulukana pakhosi n'kutsikira kumapapo, ngakhale kwa hatchi imene sinadwalepo. Kamphongo kaja kanafika kakupuma movutikira, ndipo patapita masiku awiri madzi anali atadzaza m'chifuwa mozungulira mapapo, moti anachita kuboola pakati pa nthiti kuti awatulutse. Sikanafe, koma sikanagulitsidwe chaka chimenecho, ndipo kanakhala miyezi yambiri kakuchira. Ine ndinali m'gulu la amene anakakweza mu loleyo, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti masabata atatu sanakwane, sindinanene kanthu, chifukwa wantchito wobwera sachedwa kuuzidwa kuti ntchito yake ndi kugwira chingwe basi. Mpaka lero ndimaona kuti vairasi inachita mbali yaing'ono pa vuto la kamphongo kaja, mbali yaikulu inali changu chathu.

Mavairasi ena aliponso, ngakhale kuti sachititsa mantha ngati herpes ndi fuluwenza. Pali otchedwa equine rhinitis A ndi B, amene amapereka chimfine chopepuka kwa mahatchi aang'ono akangolowa m'makola ophunzitsira mipikisano, ndipo woyambayo ndi wachibale wa vairasi ya matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Palinso adenovirus, imene kwa ana ambiri imadutsa osadziwika, koma kwa ana ena a mahatchi a mtundu wa Arabia, obadwa ndi chilema chosowa chitetezo cha m'thupi chotchedwa SCID, imayambitsa chibayo chimene sachira nacho, ndipo amafa asanakwanitse miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, chitetezo cha mu mkaka woyamba chikangotha. Chilemachi chimaoneka pokhapokha mwana akachitengera kwa makolo onse awiri, ndipo masiku ano obereketsa amayeza magazi a makolo asanawakweretse. Ndiyeneranso kutchula Rhodococcus equi, ngakhale kuti ndi bakiteriya wa m'dothi osati vairasi, chifukwa anthu amamusokoneza ndi chimfine. Amagwira ana a mwezi umodzi mpaka miyezi isanu ndi umodzi pa malo ouma afumbi, n'kupanga zithupsa m'mapapo mwakachetechete, ndipo mwana akamayamba kuoneka wodwala ndiye kuti matenda apita kale patali.

Koma kwa ife a kummwera kwa Africa, mwana wa hatchi akatentha thupi m'miyezi ya Febuluwale mpaka Meyi, chimene chimayamba kubwera m'mutu si fuluwenza kapena herpes ayi, koma African horse sickness. Vairasi imeneyi siyenda m'mamina kapena m'chifuwa, ndipo hatchi yodwala singapatsire inzake mwachindunji. Imafalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma ta mtundu wa Culicoides, tating'ono kwambiri kuposa udzudzu, timene timaswana m'dothi lonyowa mvula ikagwa yambiri ndipo timaluma kwambiri madzulo, usiku ndi m'bandakucha. Mbidzi zimakhala ndi vairasiyi osadwala, abulu a ku Africa kuno amaipirira, koma mahatchi opanda chitetezo amafa oposa 90 pa 100 alionse matendawa akagwira mapapo. Mtundu wogwira mapapowu anthu a kuno amautchula kuti dunkop m'Chiafirikana, kutanthauza mutu woonda, pousiyanitsa ndi dikkop, mutu wonenepa, umene umatupitsa nkhope, makamaka timaenje ta pamwamba pa maso. Pa dunkop timitsempha ta m'mapapo timayamba kuchucha, mapapo amadzaza madzi, hatchi imaima itatangadza miyendo, khosi litatambasuka, mphuno zitakula, thukuta lili kamukamu, ndipo pamapeto pake thovu limatuluka m'mphuno, hatchiyo n'kufa m'maola ochepa. Ana amene chitetezo cha mu mkaka woyamba changowathera ndi amodzi mwa amene mtundu umenewu umawagwira kwambiri, ndipo apanso nyengo ya tizilomboti imakumana ndendende ndi nyengo yoletsa kuyamwa. Mu 1854 ndi 1855 matendawa anapha mahatchi pafupifupi 70,000 ku Cape, kummwera kwa South Africa, ndipo ndi amodzi mwa matenda amene dokotala wa ziweto Arnold Theiler analimbana nawo ku Onderstepoort, malo ofufuzira matenda a ziweto kufupi ndi Pretoria, kumene katemera wa matendawa amapangidwabe mpaka lero. Vairasiyi ili ndi mitundu isanu ndi inayi, ndipo katemerayo amabwera m'mabotolo awiri operekedwa motalikirana masabata osachepera atatu, m'miyezi yozizira pamene tizilombo touluka tachepa. Mu 2020 matendawa anafika mpaka ku Thailand n'kupha mahatchi mazana ambiri. Pa famu yathu timalowetsa ana m'khola dzuwa lisanalowe, n'kuwatulutsa mame atauma, ndipo timapuma bwino pokhapokha chisanu choyamba cha nyengo yozizira ya kuno chikagwa n'kupha tizilomboto.

Pa nkhani ya katemera wa fuluwenza ndi herpes, maganizo anga ndi akuti ndi wofunika koma anthu amamuyembekezera zimene sangathe. Mwana wobadwa kwa mkota wolandira katemera sabayidwa wa fuluwenza asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa chitetezo chotsala cha mayi ake chimasokoneza katemerayo asanagwire ntchito, ndipo zimenezi zimasiya kampata kamene mwana sali wotetezedwa mokwanira ndi mayi kapena ndi jekeseni. Njira yabwino yochepetsera kampataka ndi kubaya mkota patatsala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti ubereke, kuti mkaka woyamba ukhale wamphamvu. Vairasi ya fuluwenza imasinthasintha maonekedwe pakapita zaka, choncho katemera wakale amachepetsa matenda koma satseka khomo, ndipo hatchi yobayidwa ikhoza kunyamula vairasi n'kupatsira ena iyo ikungotsokomola kamodzikamodzi. Katemera wa herpes ndi wofookerapo: amachepetsa chimfine ndi kuchuluka kwa vairasi yotuluka m'mamina, amaperekedwa kwa mikota pa mwezi wachisanu, wachisanu ndi chiwiri ndi wachisanu ndi chinayi wa bere pofuna kuchepetsa kupoloza, koma sachotsa vairasi yobisala kale, ndipo palibe amene amalonjeza kuteteza ku mtundu wa EHV-1 wogwira msana. Zotsalazo ndi ntchito ya manja a ife osamalira: kupatula hatchi yatsopano kwa masabata awiri kapena atatu, kusasakaniza mikota ya bere ndi ana ongoletsedwa kuyamwa kapena mahatchi obwera ku mipikisano, ndowa yakeyake pa khola lililonse, ndi kuyamba ntchito kwa athanzi n'kumalizira kwa odwala.

Kamsoti kofiirira kaja kanatentha thupi masiku anayi, kutenthako kutatsika pa tsiku lachitatu n'kukweranso, monga herpes imachitira nthawi zina, ndipo kanapuma mwezi wathunthu m'kadambo kakang'ono ka kuseri kwa makola pamodzi ndi anzake awiri. Kuchokera chaka chimenecho, pa chitseko cha khola lililonse la ana pamakhala pepala lolembapo kutentha kwa thupi kwa m'mawa ndi madzulo, ndipo nambala ikapitirira 38.9 timaitana kapitawo nthawi yomweyo, ngakhale mwanayo akudya. Kansalu kaja mkulu wa ku Nkhotakota anandilanda pa tsiku limene zotsatira za ku labotale zinabwera, n'kukaponya m'ng'anjo yotenthera zinyalala ine ndikuona, kenako anandipatsa mpukutu wa mapepala opukutira otaya ukagwiritsa ntchito kamodzi. Chaka chino wabwera mnyamata watsopano wochokera ku Mzimba, ndipo sabata yake yoyamba ndinamuona akutulutsa kansalu m'thumba la ovololo pa khola lachitatu.